Doña Zulma ndi Mlandu wa Mapoto Owala

Lachiwiri pa 4 Marichi, Komiti Yoona za Dongosolo ndi Ulemerero wa Msika wa Lamlungu m'tauni yathu ya San Eladio inatulutsa Chidziwitso Nambala 14, chomwe chinamatidwa pa mitengo isanu ndi iwiri ya mumsewu wa Calera ndiponso pa chitseko cha chimbudzi cha onse. Chidziwitsocho chinati komiti, itakhala pansi katatu, yazindikira kuti alendo ochokera kunja amasokonezeka akafika pamsika chifukwa satha kusiyanitsa chinthu chamakedzana ndi chinthu chongokalamba. Pofuna kuthetsa vutoli, msika ugawidwa pawiri ndi mzere wa utoto wachikasu pa ngodya ya sitolo ya mankhwala. Kumtunda kwa mzerewo kuzikhala Zamakedzana, kutanthauza katundu wa zaka makumi asanu kapena kuposerapo. Kumunsi kuzikhala Zogwiritsidwapo Kale Ntchito. Pomaliza komiti inathokoza aliyense chifukwa cha kumvetsa kwake, ngakhale kuti pa nthawiyo panali pasanapezeke munthu amene anamvetsa.

Lamlungu lotsatira ndikudutsa ndi nyuzipepala yanga, Doña Zulma Larrosa anandikodola. Iwowa akhala akugulitsa ziwiya zakale za kukhitchini pa malo nambala 2 kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi.

"Aphunzitsi, tabwerani. Timalemba take n'tating'ono ngati utitiri. Akuti chiyani akuluakuluwa?"

Ndinawawerengera zonse. Anamvetsera atapendeketsa mutu, uku dzanja likupukuta chivindikiro cha ketulo chomwe chinali choyera kale.

"Basi?"

"Basi, Doña Zulma."

"Ndiye nkhani ya ena imeneyo. Patebulo pano wamng'ono pa onse ndi mpeni wa buledi uwu, ndipo ndi msinkhu umodzi ndi mwana wanga woyamba, amene pano ali ndi mdzukulu."

Malo nambala 2 ali pansi pa jakaranda, pamwamba penipeni pa msewu, pamene basi ya alendo imaima. Alendowo amawoloka mtsinje pa sitima ya m'mawa, ndipo wowatsogolera amawapatsa mphindi makumi anayi zoti azungulire. Munthu woima pa tebulo lililonse kujambula zithunzi safika pa sitolo ya mankhwala m'mphindi makumi anayi. Kumunsi kwa sitoloyo kuli nsomba, nkhuku zamoyo, masokosi, ndi madzi onse a mvula a m'tauni muno, omwe anagwirizana kalekale zokumanirana kumeneko. Amene amatsikirako ndife eni tauni, ndipo ife sitigula simbi ya makala. Zathu tinazitaya tikuimba tsiku lomwe magetsi anafika. Choncho kwa munthu wogulitsa simbi za makala, kusamutsidwira kumunsi kwa mzere n'chimodzimodzi kuuzidwa kuti akapume.

Doña Zulma anabadwira pa famu ya nkhosa kumpoto, kumene mayi awo ankaphikira amuna makumi awiri ometa ubweya. Mayiwo sanapite kusukulu, koma anali ndi chiphunzitso chimodzi chomwe anachikhomerera mwa ana awo ngati msomali: umphawi ndi wa Mulungu, koma mwaye wa kunsi kwa mphika ndi wako. Atakwanitsa zaka khumi ndi zinayi, Zulma anatsikira kuno kudzagwira ntchito m'khitchini ya hotela ya padoko, ndipo anakwechamo mkuwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Hotelayo itatsekedwa, eni ake anauza antchito kuti aliyense atenge chomwe angathe kunyamula. Anzawo anakanganirana matiresi. Iwo anabwereka wilibala ya amuna awo, malemu Don Eleuterio, n'kuyenda maulendo anayi ndi mapoto. Lamlungu lotsatira anayala tebulo pansi pa jakaranda, womwe nthawi imeneyo unali wosapitirira phewa la munthu.

Katundu amamupeza kumaliro, kapena kuti pambuyo pake pang'ono. Nkhalamba ikamwalira m'tauni muno, ana ake amaitana Doña Zulma maluwa a pamanda asanafote, kuti adzachotse za kukhitchini nyumba igulitsidwe. N'chifukwa chake chiwiya chilichonse amachitchula ndi dzina la banja. Pali ketulo ya kwa Pereira, chopukusira khofi cha kwa mkazi wamasiye wa Silveira, nyali ziwiri za kwa dokotala uja ankamwa. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka amakhala pabwalo la kuseri kwa nyumba yawo ndi phulusa, mandimu, mchere ndi soda, kukwecha. Ketulo iliyonse amaithira madzi n'kuisiya padzuwa tsiku lathunthu kuti aone ngati ikudontha. Sitovu iliyonse ya palafini amaiyatsa, ndipo ikapanda kutulutsa lawi lobiriwira siituluka pakhomo. Lamlungu m'mawa tebulo lawo limachita ng'aning'ani moti oyendetsa basi amati ndilo limawauza poima.

Vuto n'lakuti alendo safuna zimenezi. Zinawatengera Doña Zulma zaka zambiri kuti avomereze, ndipo kunena zoona sanavomerebe. Amangoti alendo a masiku ano analeredwa moipa.

Pa malo nambala 3 pamakhala Waldemar Techera, bambo wamimba yaikulu ndi mawu okwanira misika iwiri. Katundu wake ndi wakuda bii, wadzimbiri, wobenthukabenthuka. Makapu ake achitsulo amaoda atsopano m'makatoni ku likulu, amawagogoda ndi nyundo yaing'ono m'milomo, kenako amawakwirira kuseri kwa khola lake la nkhuku. Tauni yonse ikudziwa zimenezi, ndipo palibe amene anasowapo tulo nazo, poti mlendo ndi mame, ikamakwana nthawi ya nkhomaliro amakhala atakamuka.

Ndinaonapo ndi maso anga mayi wina wachipewa chachikulu atanyamula sitovu ya mkuwa ya Doña Zulma, n'kuitembenuza uku ndi uku. Anali ataloweza mawu athu angapo pa sitima.

"Yokongola," anatero. "Koma... yeniyeni ilipo?"

"Yeniyeni yotani, mayi?"

"Yakale. Iyi yatsopano."

Doña Zulma anatutumuka ngati apondedwa chala. "Yatsopano? Iyi inaphikira ana asanu ndi atatu a kwa Olivera, ndipo awiri mwa iwo anafa ndi ukalamba! Taonani, mumathira apa, mumapopa apa. Ikatsekeka mumabaya ndi kasingano aka, kameneka ndikupatsani ulere."

Mlendoyo anamwetulira monga amachitira anthu akamva chilankhulo chikuthamanga, anaika sitovuyo pansi mwaulemu, n'kusunthira kwa Waldemar. Kumeneko anagula kapu yomwe nkhuku zinali zitaipondaponda mwezi wathawo. Anati akabzalamo duwa.

"Duwa," anatero Doña Zulma basi itapita. "Awoloka mtsinje wonsewu kudzagula chobooka. Kwawoko kulibe zinyalala?"

"Zilipo, aneba," anayankha Waldemar akuyamwa tiyi wake wa yerba m'chikho, "koma zakwawo zilibe mbiri."

"Mbiri ya ndowe za nkhuku zako?"

"Mbiri ndi mbiri. Inuyo mumaikwecha n'kuitayira m'ngalande."

Woyendera msika anafika Lamlungu lachitatu la Marichi. Anali Aníbal Curbelo, munthu wa zaka za m'ma makumi anayi, wofatsa, wosaiwala kupereka moni, amene komiti inam'patsa chidindo, cholembera chomangidwa ndi chingwe, ndi Fomu 14-B. Popeza palibe amene amasunga lisiti la ketulo kwa zaka makumi asanu, komiti inaona kuti n'kwanzeru kuyeza zaka za katundu poyang'ana maonekedwe. Fomuyo inali ndi timabokosi titatu: dzimbiri kapena kubiriwira, kubenthuka kapena mng'alu, ndi kuthimbirira. Chiwiya chochongedwa timabokosi tiwiri chinali chamakedzana. Wogulitsa wokhala ndi ziwiya khumi zotere anali woyenera kukhala kumtunda.

Kwa Waldemar anatha mphindi zisanu, ndipo cholembera chinatsala pang'ono kutha inki. Atafika pa nambala 2 anavula chipewa, anafunsa za bondo la Doña Zulma, kenako anayamba kunyamula ziwiya chimodzichimodzi. Ankazipendeketsa padzuwa, kusuzumira m'kati, kukanda kunsi ndi chikhadabo. M'chilichonse ankangoona nkhope yake.

"Doña Zulma," anatero pomaliza, "pepani. Sindinapeze chochonga."

"Wapeza chiyani nanga?"

"Ukhondo wokhawokha. Ulibe kabokosi."

Doña Zulma ananyamula mbale yaikulu ya supu, yoyera, ya mizere yagolide m'mphepete, n'kuiika patsogolo pake penipeni.

"Aníbal, mwanangu, yang'ana bwino. Mbale iyi suikudziwa?"

Woyenderayo anaiyang'ana. "Ndi ya azakhali anga, malemu Doña Elvira."

"Anaipeza liti?"

"Pa ukwati wawo."

"Iwe unali kuti pa ukwatiwo?"

"Ndinali ndisanabadwe. Ngakhale bambo anga anali asanamere ndevu."

"Ndiye lemba!"

"Monga mwana wa m'banjamo ndikuidziwa bwino, Doña Zulma, ndinadyeramo Khirisimasi iliyonse. Koma monga woyendera ndikuiona koyamba lero. Mukanakhala kuti munaigwetsako pang'ono..."

"Ndigwetse mbale ya Elvira?"

"Sindikuti mugwetse. Ndikungoti fomu ikanathandizika."

Anawalembera kapepala kowauza kuti malo awo atsopano ndi nambala 88. Anawauzanso, motsitsa mawu ngati akuwapatsa mphatso, kuti akalemba kalata yodandaula adzabweranso pakatha masabata atatu, ndipo kufikira tsikulo atha kukhalabe pansi pa jakaranda.

Kalatayo ndinawalembera ine, m'chilankhulo chomwe komiti imachikonda, chija chimayamba ndi kuthokoza munthu amene wakupondera chimanga. Waldemar naye anabwera ndi thandizo lake.

"Aneba, ndipatseni ziwiya khumi ndi masabata atatu. Ndikubwezerani zooneka ngati zinakumbidwa pansi pa tchalitchi."

"Uchoke apa, wakuba iwe."

"Wakuba wa chidindo, aneba. Onani." Analoza kapepala kofiira komwe kanali kulendewera patebulo lake. "Inuyo ndinu wolungama wa nambala 88."

Doña Zulma anakana. Koma Lamlungu lomwelo, msika utatha, anatsetsereka ndi bondo lawo lija kukaona malowo. Anapeza kuti nambala 88 ili pakati pa wogulitsa nsomba ndi pakamwa pa ngalande, ndipo nambalayo inalembedwa pa mwala womwe unali m'madzi. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Pobwerera anapeza Waldemar akukweza makatoni m'galimoto yake.

"Waldemar. Dzenje lako lija n'lakuya bwanji?"

"Lofika m'bondo, aneba."

"Nyundo ayi. Ukabenthula ngakhale chimodzi, ndikukwirira momwemo."

Popanda nyundo panatsala timabokosi tiwiri, kubiriwira ndi kuthimbirira, ndipo tonse tinayenera kuchongedwa. Doña Zulma anasankha ziwiya khumi za mkuwa ndi zachitsulo, ketulo ya kwa Pereira ili m'gulu, n'kuzipereka akuyang'ana kumbali ngati munthu wosiya mwana kusukulu yogonera komweko. Waldemar anazisambitsa m'viniga ndi madzi amchere, anazipaka masamba a yerba omwedwa kale osakaniza ndi za m'khola, n'kuzikwirira. Anati njirayi anaitulukira yekha ndipo boma likanakhala loyamika likanam'patsa mendulo. Masabata atatu amenewo Doña Zulma anakwecha zotsalazo kawirikawiri, anakwecha zitseko, anakwecha mpaka mpopi wa pamsewu.

Kalata ya komiti inati woyendera adzafika 8 koloko m'mawa yeniyeni, ndipo wodandaula akadzachedwa ndi mphindi khumi dandaulo lake lidzathetsedwa. Doña Zulma anafika dzuwa likungotuluka. Waldemar anatsitsa ziwiya zija m'thumba n'kuziyala yekha, monyadira. Kunena zoona ntchito anaigwira. Ketulo ya kwa Pereira inali yakuda kunsi, yobiriwira m'khosi, ndipo pa mlomo pake panamera kanthu kena koyera komwe sindinafune kukadziwa dzina.

"Musazikhudze," anatero Waldemar. "Bweretsani nsanza ija."

"Ndi yanga."

"Bweretsani, aneba, ndimakudziwani. Inanso ili m'thumba la diresi."

Anapereka zonse ziwiri. Anakhala pa mpando wawo, manja ali pamiyendo, akuyang'ana nthambi za jakaranda.

Inakwana 8 koloko, inakwana 9. Ndinapita kukagula nyuzipepala, n'kubwerera, woyendera osaoneka. Itakwana 10 basi inaima, ndipo chinachitika chinthu chomwe sichinachitikepo pa nambala 2. Alendo anatsika n'kukhamukira patebulo la Doña Zulma ngati ntchentche. Anajambula, ananong'onezana, wina anagwada kuti aone bwino kubiriwira kwa m'khosi mwa ketulo. Bambo wina wamtali wa kabudula anaikumbatira pachifuwa.

"Zingati? Zingati?"

"Sikugulitsidwa."

Munthuyo anaganiza kuti ndi mmene timanenerera malonda kuno, anatulutsa chikwama.

"Ndati sikugulitsidwa! Zikachepa pa khumi ndathera m'madzi. Aphunzitsi, muuzeni m'chizungu chake aike pansi. Muuzenso kuti akasambe m'manja asanadye."

Ndinamuuza zoyambazo. Anachoka mokhumudwa, akucheukira ketuloyo. Doña Zulma anatembenukira kwa ine.

"Mwaona? Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwapatsa zoti angaphikire ana awo, osazifuna. Lero ndayala za m'khola la nkhuku, akufuna kundithyola mkono. Kodi anthu amenewa amadya m'chiyani kwawo?"

"Sadyeramo, aneba, amangoyang'ana," anatero Waldemar. "Limbani mtima. Mnyamata wa chidindo akangodutsa, mwezi uno mugula bondo latsopano."

Cha m'ma 11 misa inatha, ndipo anthu a m'tauni anayamba kudutsa. Mmodzi mwa iwo anali Doña Chela Umpiérrez, amene anagwira ntchito limodzi ndi Doña Zulma kuhotela, kuchipinda chotsukira mbale. Awiriwa akhala pa ubwenzi zaka makumi asanu, ubwenzi uja wa anthu owerengerana makwinya. Doña Chela anaima, anayang'ana tebulo, anavala magalasi, anayang'ananso.

"Zulma, m'bale wanga. Ukudwala?"

"Ndili bwino."

"Ayi, usandibisire. Ndi maso? Amayamba choncho. Malemu apongozi anga ankati mbale n'zoyera, pamene zili ndi dzira la dzana."

"Maso anga ali bwino, Chela. N'za komiti izi."

"Eya, eya, komiti." Anawasisita paphewa. "Usadandaule, sindiuza munthu. Lachitatu ndimutuma mkazi wa mwana wanga adzakuthandizeko. Si waluso, koma pofika apa chilichonse n'chabwino." Anatenga chivindikiro cha ketulo ndi zala ziwiri, n'kuchibwezera msanga. "Iwe amene unkatibwezera masupuni kuti tikatsukenso. Ukalamba ulibe ulemu, eti. Bola mayi ako sanaone."

Anapita, ndipo tonse tinamuona akuima pa tebulo lachitatu kutsogolo, akuloza kumbuyo ndi chibwano.

Nkhope ya Doña Zulma inali gwa. Waldemar, amene m'mimba mwake simusunga nthawi ya komiti, ananyamuka kukagula soseji yowotcha kumunsi, atandilamula kuti ndiwayang'anire. Ndiyenera kuvomera kuti pa ntchito imeneyi ndinalephera.

Zinayamba ndi chala chachikulu. Anachinyowetsa ndi lilime n'kukhudza kanthu koyera kaja ka pa mlomo wa ketulo.

"Doña Zulma..."

"Ndikungochotsa ichi chokha, aphunzitsi. Ichi si mbiri, ndi nkhuku."

Pomwe chala chinadutsa panaoneka kadontho ka mkuwa, kofiirira, kowala ngati diso. Anakayang'ana. Kadontho kowala pakati pa mwaye kamaoneka koipa kuposa mwaye wokhawokha, aliyense amene anagwirapo mphika akudziwa. Anagwira nsonga ya epuloni yawo, yomwe Waldemar anaiwala kuwalanda.

"Kuti pangofanana basi."

"Woyendera akubwera, Doña Zulma. Pirirani pang'ono."

"Akubwera kuyambira 8 koloko. Inu muli ndi ntchito? Mayi uyo akudutsa ndi mandimu, tandigulireni anayi. Mukapemphenso phulusa kwa wowotcha nyama."

Ndinaphunzitsa ana a anthu zaka makumi atatu ndi zisanu ndipo ndimadziwa mawu osatsutsika ndikawamva. Ndinapita. Pobwera ndinapeza atapinda manja a diresi.

Sindinaonepo munthu akugwira ntchito mwaukali chotere. Ankadula ndimu, kuliviika m'phulusa, kukwecha, kupukuta, uku akuyankhula ndi ziwiyazo. "Pepa. Pepa, mwanangu. Ndinapusa ine." Waldemar anachedwa chifukwa anakumana ndi anzake okambirana za mpira. Atafika, soseji ili m'manja, anaima chilili, pakamwa pali yasa.

"Mayo ine! Masabata atatu! Viniga wanga! Aphunzitsi, munali kuti?"

"Ndinali kogula mandimu."

"Aneba, siyani! Siyani zotsalazo!"

"Usandikhudze, Waldemar. Ketulo iyi sinaonekepo chonchi ngakhale tsiku lomwe khitchini ya kwa Pereira inapsa."

"Mukudzikumbira manda ndi ndimu!"

"Bola adzandiike ndili woyera."

Aníbal Curbelo anafika itangopitirira 1 koloko. Anapepesa kwambiri. Anati komiti yonse inali pa mwambo wotsegulira mzere wachikasu, ndipo wapampando anayankhula motalikirapo za kufunika kosunga nthawi ya alendo. Anatulutsa Fomu 14-B. Pa ziwiya khumi zija, zisanu ndi ziwiri zinali kunyezimira moti anachita kutsinzina. Zitatu zomwe manja a Doña Zulma anali asanazifikire anazichonga mosangalala, timabokosi tiwiritiwiri.

"Zitatu, Doña Zulma. Zitatu zabwino kwambiri. Koma fomu ikufuna khumi."

"Pa 8 koloko zinalipo khumi," anatero Waldemar. "Ndikulumbira pa manda a mayi anga. Aphunzitsi awa ndi mboni."

"Ndikukhulupirira, Don Waldemar. Koma ndimalemba zomwe ndaona pa nthawi yoyendera."

"Nthawi yoyendera inali 8 koloko!"

"Nthawi yoyendera ndi nthawi imene woyendera wafika."

Doña Zulma anadikira kuti amalize kulemba, anafunsa ngati wathana nazo zitatu zija, ndipo atavomera anatenga yoyamba n'kudula ndimu lomaliza.

Lamlungu lotsatira anayala tebulo pa nambala 88, miyendo yake iwiri itakhazikidwa pa njerwa. Wogulitsa nsomba ndi munthu wabwino, amawapungulira madzi otentha a m'fulasiki yake, koma mamba amauluka, ndipo Doña Zulma amathera theka la tsiku akuwachotsa pa mkuwa. Alendo safikako. Mlungu wina anagulitsa chopukusira khofi kwa mdzukulu wa mkazi wamasiye wa Silveira, amene anachizindikira n'kulira, ndipo sanathe kumulipiritsa mtengo wonse. Milungu yambiri amabwerera ndi wilibala yodzaza monga inapitira. Waldemar amatsikirako masana kukawapatsa moni ndi kuwakumbutsa kuti dzenje likadalipo. Amamuyankha mawu omwe sindingalembe pano.

Ogulitsa makumi anayi ndi mmodzi tinawasainitsa kalata yachiwiri, yomwe ndinailemba mothokoza kuposa yoyamba. Yankho linabwera mu Ogasiti, pa pepala lokhuthala. Komiti inati yakhudzidwa kwambiri. Inati ikuzindikira kuti Doña Zulma Larrosa ndi mmodzi wa mizati ya msikawu, ndipo yapempha katswiri wa zamakedzana wochokera ku likulu kuti adzayeze katundu wawo ndi zipangizo zoyenera. Inalonjeza kuti kufikira katswiriyo atabwera, malo nambala 2 sadzaperekedwa kwa wogulitsa wina aliyense, ndipo akadzangotsimikiza, mwini wake adzabwererapo Lamlungu lomwelo. Doña Zulma anandiuza kuti ndiwerenge kawiri, kenako anaipinda bwinobwino n'kuisunga m'mbale ya supu ya Elvira.

Mu Novembala, jakaranda ali m'maluwa, komiti inaimika chipilala chothokoza ogulitsa amene asunga msikawu kwa zaka zambiri, ndipo dzina la Doña Zulma ndi lachiwiri pa mndandanda. Chipilalacho chili pa malo nambala 2. N'chasimenti, ndipo maziko ake analowa pansi mita imodzi ndi theka.